Kaulusi ka Pakati pa Chileka ndi Manchester

Tsiku limene mwana wathu wamkazi ananyamuka kupita ku Mangalande kukagwira ntchito ya unamwino, titangobwerako ku Chileka, ndinatsitsa buku la mapu pamwamba pa kabati ndisanavule n'komwe jekete. Linali buku lake lomwe, la ku sekondale, ndipo risiti yake ndikadali nayo. Ine sinditaya pepala. Ndinagwira ukalaliki m'nyumba yosungiramo katundu ku Limbe mpaka kupuma, ndipo kumeneko ndinaphunzira kuti munthu wopanda pepala amatsutsidwa ndi aliyense, ngakhale chidakwa.

Mayi a mwanayo anali atakhala kale pa makina awo osokera pakhonde, ngakhale panalibe chimene ankasoka. Ndinawapempha ulusi. Anandidulira woyera osafunsa. Ndinaika nsonga ina pa Blantyre, ina pa Manchester, n'kuukoka kuti uwongoke, kenako ndinauyeza pa sikelo ya m'munsi mwa tsambalo. Nambala imene inatuluka ndinailemba pachikuto, koma pano sindiibwereza, chifukwa sinathandizepo aliyense. Ndinangowauza mayiwo kuti zili ngati kupita kwathu ku Nsanje n'kubwerako maulendo oposa makumi awiri.

Anatenga kaulusiko n'kukaika pachikhatho.

"Ndiye mwana wanga ali kutali ndi kanthu aka basi? Ine ndikasoka kolala ya shati ndimadya ulusi woposa apa."

"Amayi, pamapu pali sikelo."

"Sikelo yanuyo isungeni. Ine ndingodziwa kuti ali pafupi."

Kaulusiko ndinakamata ndi selotepi mkati mwa chikuto. Kadakali pomwepo, kanangofiira ndi ukalamba.

Inali nthawi ija anamwino ankachoka motsatizana, ndipo muno mu Chilomoni munalibe mzere wa nyumba wopanda kholo lodikira foni ya Lamulungu masana. Mwana wathu anabwerako kamodzi amayi ake ali moyo. Pa ulendo umenewo ndi pamene ndinadziwa kuti kaulusi kanga kanali ka munthu wosadziwa. Ndege siiyenda mmene ulusi ukuyendera. Mwanayo anandisiyira mapepala onse a ulendo, ndipo ndinawawerenga ndi pensulo m'manja. Amakwera yoyamba ku Manchester n'kutsika ku London. Amakwera yachiwiri, yaikulu, imene imayenda mpaka kucha. Imeneyo imadutsa pamwamba pa mbali yathu ino ya dziko osaima, n'kupitirira mpaka ku Joni. Kumeneko munthu amadikira yachitatu yoti imubweze mmbuyo kudzatera pa Chileka, ndipo masiku amenewo yachitatuyo sinkabwera tsiku lililonse. Ndinakwiya nazo. Tangoganizani basi yochokera ku Lilongwe yodutsa pa Blantyre zitseko zili zotseka, kukakutsitsani ku Bangula, n'kukuuzani kuti mugone pa depoti, ina ibwera mawa. Anthu akanaiphwanya magalasi. Koma za ndege aliyense amangoti ndi mmene zilili.

Mayi a mwanayo anamwalira m'nyengo yotentha, mwezi wa Okutobala, Lolemba m'mawa. Anali atadwala shuga kwa nthawi yaitali, ndipo makadi awo onse a kuchipatala ali m'chitini cha mabisiketi, mwa dongosolo lake. Za kudwalako sindilemba. Ndatopa nazo.

Ine ndine wa ku Nsanje, iwo anali a ku Chiradzulu. Tinagwirizana kalekale kuti tonse tidzagona kuno ku Chilomoni, kumene tinamanga ndi kumene tinkapemphera. Abale awo sanakane zimenezo. Koma kwao mwini maliro a mkazi si mwamuna wake, ndi mlongo wake. Choncho Lachiwiri kunafika lole yodzaza ndi anthu akumudzi, ndipo kutsogolo, pambali pa dalaivala, kunali alamu anga, mchimwene wamkulu wa malemuwo. Anali munthu wosaipa mtima, wa mawu aakulu, wokonda kuti zinthu ziziyenda. Anali ndi foni ya m'manja yomangidwa ndi labala, ndipo chifukwa ya m'nyumba mwathu inali itafa, mwana ankaimbira pa yawoyo.

Mwanayo anachita zonse zimene akanatha. Anapempha tchuthi, anapeza tikiti, n'kutumiza mapulani a ulendo pa intaneti. Mayi wina wa mphakati wathu wa ku tchalitchi, amene ankagwira ntchito mu ofesi m'tauni, anandisindikizira pepalalo. Linanena momveka kuti anyamuka Lachitatu madzulo, atera pa Chileka Lachisanu masana. Ndinaitana alamu, akatekisiti ndi apampando a mphakati, tinakhala pansi pa mtengo wa mapeyala kuseri kwa nyumba, ndipo ndinawawerengera. Tinamvana kuti thupi likhale ku mochale mpaka Lachisanu m'mawa, mwana akafika aone nkhope ya mayi ake, kenako tinyamuke ulendo wa kumanda. Palibe anatsutsa. Alamu anangoti, "Lachisanu n'kutali, alamu. Anthuwa asiya minda yosalima, mvula ili pafupi. Komanso mwini lole akuifuna." Ndinati ndamva, koma mwana ndi mmodzi yekhayo.

Wofedwa saloledwa kuyendetsa kanthu. Amamukhazika pamphasa kuti anthu azimupepesa. Ine ndinapirira tsiku limodzi, koma Lachitatu masana ndinazemba n'kukwera minibasi kupita ku Chirimba kukaona bokosi ndi maso anga. Ndinachita bwino, chifukwa mmisiri anali atalakwitsa chilembo chimodzi pa dzina, ndipo ndinaima pomwepo mpaka anakonza. Nditabwerera dzuwa likulowa, amayi ena anandiuza pakhomo kuti mwana waimba, wati ali pa bwalo la ndege, akukwera. Ndinagwedeza mutu. Zinali monga mwa pepala.

Chimene sindinadziwe n'chakuti alamu anga anali atakwerapo ndege. Kamodzi kokha, ali mnyamata, abwana awo a ku esiteti anawatenga kuchokera pa Chileka kupita ku Lilongwe kuti akanyamule zikwama. Nkhani imeneyo ankaikamba pa ukwati uliwonse. Ankati anawapatsa chakumwa, ndipo asanafike pakati pa botolo anamva matayala akugunda pansi. Kwa iwo ndege inali imeneyo. Munthu akati ndakwera, ndiye kuti wafika. Atamva mwana akunena kuti akukwera Lachitatu, anaganiza kuti wapeza ina yofulumira, kuti za Lachisanu zija zatha. Sanandifunse. Ankati asavutitse namfedwa. Anatuma uthenga kwa adzukulu, anthu okumba manda, kuti alawirire.

Lachinayi m'mawa ndikusukusula kuseri, ndinaona amayi awiri akutuluka pa geti, wina atasenza beseni lovindikira, wina ndowa ya thobwa. Ndinawafunsa kumene akupita nazo.

"Kwa adzukulu, bambo. Ayamba kalekale."

"Ayamba chiyani?"

Anayang'anana, n'kupitiriza ulendo.

Alamu ndinawapeza pa msewu akuuza dalaivala wa galimoto ya maliro njira yachidule yopitira ku mochale.

"Alamu, ndani walamula kukumba?"

"Ndine. Mwana wakwera dzulo, simunamve? Pofika teni koloko akhala ali pano. Tatumiza kale galimoto ina ku Chileka."

"Afika mawa."

"Mawa bwanji? Wakwera dzulo madzulo! Kodi akubwera pa njinga?"

Anthu amene anali pafupi anaseka pang'ono, kenako anakumbukira kuti ali pa maliro. Ndinatulutsa pepala lija m'thumba la jekete. Ndinawaonetsa London, ndinawaonetsa Joni, ndinawaonetsa Lachisanu. Anali atavala magalasi, koma sanayang'ane papepalapo. Ankayang'ana ine.

"Ku Joni akukatani? Kodi Joni sali kumunsi kwathu kuno?"

"Ali kumunsi."

"Ndiye adutse pakhomo pa mayi ake n'kupitirira? Alamu, inu ndi mapepala anuwa. Ndege ine ndinaikwera, sindinachite kumva."

Ndinalowa m'nyumba, ndinadutsa pakati pa amayi amene ankaimba pa siwa, ndinatsitsa buku la mapu n'kutuluka nalo. Ndinalitsegula pa boneti ya galimoto. Ndinawaonetsa Blantyre ndi Lilongwe, mmene chala chimodzi chimaphimbira mizinda yonse iwiri. Kenako ndinawaonetsa kaulusi ka mlongo wawo. Apo ndiye anavula magalasi, anawapukuta ndi tayi, n'kuwavalanso.

"Nanga bwanji simunandiuze bwinobwino?"

Ndinali nditawauza Lachiwiri, pansi pa mtengo wa mapeyala, pamaso pa mboni ziwiri. Koma nthawi yokangana panalibe.

Tinapita kumanda tonse awiri, pamodzi ndi akatekisiti. Dzenje linali litafika kale m'chiuno. Mkulu wa adzukulu, bambo wina woduka chala amene ankagulitsa makala pamsika, anatuluka m'dzenjemo n'kutimvetsera mwaulemu, khasu lili paphewa. Ndinamufotokozera zonse. Ndinati dzenje likhale, tiliphimbe ndi malata, mawa masana tidzaike.

"Bambo, pepani kwambiri. Dzenje siligona."

"Usiku umodzi wokha."

"Likagona lopanda mwini wake limaitana wina. Inu mumadziwa. Ife tikakumba, tikwirire lero lomwe, tisambe, tizipita."

Ndinatembenukira kwa akatekisiti, ndikuyembekeza kuti anena kuti Akhristu saopa dzenje. Anayang'ana nsapato zawo. Anati Mpingo ulibe lamulo pa zimenezo, koma manda ali ndi eni ake, ndipo si bwino kuyambana ndi adzukulu, chifukwa mawa tidzawafunanso. Ndinakumbukira kuti kwathu, munthu akamira mu Shire thupi osapezeka, ankaika thunthu la nthochi m'malo mwake. Ndinati tigoneke thunthu m'dzenjemo likhale ngati mwini wake mpaka mawa. Mkulu wa adzukulu anaganiza ndithu, sananditenge ngati wamisala.

"Thunthu likalowa silitulukanso, bambo. Tikwirira limenelo. Ndiye mawa tikumbe lina, manda awiri a munthu mmodzi? Akuluakulu a malo ano sangalole. Komanso anthu adzati mwakwirira chiyani."

Mmodzi wa anzake anafuula ali m'dzenje, "Akuti mwanayo ali mumlengalenga? Muuzeni dalaivala atsike naye pa Michiru pomwepa, tikamutenga pa wilibala!" Mkulu uja anamudzudzula. Ine sindinakwiye naye. Mwina nthawi yomweyo mwana wanga analidi pamwamba penapake chakumadzulo kwathu, atatsamira pawindo, anthuwa akukumba pansi.

Pobwerera kunyumba tinapeza galimoto ya maliro itapita kale. Palibe anaiimitsa. Thupi linafika dzuwa lisanafike pamutu, ndipo kutentha kwa Okutobala sikukambirana ndi munthu. Bokosi likangotuluka ku mochale n'kulowa m'nyumba, silibwereranso. Anthu a pa lole anali atamanga kale mitolo yawo. Ndinaona kuti ndagonja. Ndinali ndi pepala lolondola m'thumba, mboni ziwiri, ndi buku la mapu, ndipo zonsezo zinalemera mochepa kuposa dzenje lofika m'chiuno.

Panali bambo wina wojambula zithunzi amene ankayenda ndi kamera m'maukwati ndi m'maubatizo. Ndinamuitanitsa. Nthawi yoona nkhope itakwana, anthu atafola n'kudutsa, ndinapempha kuti asatseke kaye. Azilamu anga aakazi anang'ung'udza kuti zimenezo n'zachilendo. Ndinati zachilendo zayamba m'mawa, ndipo sindinaziyambe ndine. Wojambulayo anawerama, anajambula kawiri, n'kutuluka mofulumira ngati waba.

Kumanda, akatekisiti ali pakati pa pemphero, kunamveka ndege. Inachokera chakumpoto, yotsika, kulowera ku Chileka. Mitu yonse inadzuka. Mayi wina kumbuyo anati, "Ndi imeneyo! Dikirani, wafika!" Adzukulu anaimitsa zingwe, n'kundiyang'ana. Alamu nawonso anandiyang'ana, ndi nkhope ya munthu wopempha kuti akhale kuti analondola. Ndikanatha kunama. Ndikanati inde, ndi imeneyo, n'kuwaimika pa dzuwa mpaka galimoto ipite ku Chileka ndi kubwerako yopanda munthu. Koma sizikanafikitsa mawa. Kanali kandege kakang'ono ka mapiko a pamwamba, ka ku Lilongwe, konga kamene alamu anakwera.

"Si imeneyo," ndinatero. "Tsitsani."

Foni inalira titabwerako, anthu akusamba m'manja pa geti. Alamu anaiyang'ana, n'kundipatsa osayankha.

"Ababa, ndafika ku Joni. Ndakhala ndikuimba, foni inali yothimitsa. Mawa masana ndili komweko. Muwauze amalume asandidere nkhawa, ndapeza pogona."

Ndinamuuza. Ndinanena mwachidule, mwa dongosolo lake, mmene ndikanaperekera lipoti la katundu wosowa, chifukwa njira ina sindinkaidziwa. Kumbali yake kunkamveka mawu a mkazi akulengeza za ndege pa chimkuzamawu. Kenako foni inaduka yokha.

Lachisanu ndinapita ndekha ku Chileka. Lole inali itabwerera ku Chiradzulu, koma alamu anatsala, ndipo pa chimenecho ndimawapatsa ulemu. Ndinaima pakhonde la m'mwamba pamene anthu ankaonerera ndege zikutera. Inafika pa nthawi yeniyeni yolembedwa papepala langa. Mwanayo anatsika atavala juzi la kozizira, akukoka sutikesi yaing'ono. Tinapita kumanda tisanafike kunyumba. Nkhata za maluwa zinali zitafota kale. Anagwada, anaika dzanja pa dothi, n'kukhala choncho nthawi yaitali. Sanalire mokweza, ndipo ndikudziwa kuti amayi ena anakamba za zimenezo.

Kunyumba amalume ake anamulandira atagwira chipewa m'manja.

"Mwana wa mlongo wanga, pepa. Ine ndinkayesa ndege n'chimodzimodzi."

"Ndamva, amalume."

"Koma nazonso ndege za masiku ano, kuchedwa kwake! Ife nthawi yathu..."

"Ndamva, amalume," anabwereza, n'kulowa kuchipinda.

Madzulo ake anatsegula sutikesi ija pa bedi la amayi ake. Pamwamba penipeni panali diresi loyera la manja aatali ndi mpango wake, zokutidwa m'pepala lofewa. Anali atagula Lachiwiri, pakati pa kuthamangira tikiti, kuti adzawaveke yekha. Analiyala pabedipo, analisalaza ndi dzanja, kenako analipindanso.

Zithunzi zinatuluka patapita masiku angapo. Wojambula anabwera nazo mu envelopu ya khaki yomata. Ndinamupatsa mwanayo, ndinamuuza zimene zinali mkatimo. Anaigwira ndi manja awiri, anaitembenuza, n'kundibwezera.

"Ababa, sindinabwere kudzaona pepala."

Anabwerera ku Manchester tchuthi chake chitatha, kudzera ku Joni komweko. Envelopu inatsala. Nanenso sindinaitsegule, chifukwa nkhopeyo ndinaiona, ndipo zithunzizo si zanga. Ndinalemba pamwamba pake tsiku ndi dzina la mwini wake, n'kuiika m'chitini, pansi pa makadi a kuchipatala. Diresi lili m'kabati.

Zaka zapita. Alamu anamwalira, ndipo ndinapita ku Chiradzulu kukawaika. Mwana wawo wa ku Joni anafika pa basi nthawi yabwino, anaona nkhope. Mafoni anasintha, tsopano mwana wanga ndimamuona pagalasi Lamulungu lililonse, ali ndi imvi zake zoyamba. Anthu amandiuza kuti dziko lachepa, kuti masiku ano Mangalande ndi pakhomo. Amene amanena zimenezo sanadikirepo munthu pa Chileka dzenje lili lokumba. Ndinafunsa wina wogulitsa matikiti ngati ulendowo unafupika. Anati njira zachuluka, wina akhoza kudzera ku Nairobi kapena ku Addis. Ndinati sindinafunse njira, ndafunsa mtunda. Anaseka, n'kuti mtunda ndi womwewo, agogo.

Choncho ndinalemba pepala langa. Ndi lalifupi. Likunena kuti ine ndikadzafa, pasadzapezeke munthu wotuma adzukulu chifukwa wamva kuti mwana wakwera. Adzakumbe pokhapokha wina atamuona ndi maso akutsika pa Chileka. Ndinasindikiza makalata anayi ofanana. Ina ili kwa apampando a mphakati, ina kwa akatekisiti atsopano, ina kwa mkulu wa adzukulu, mwana wa uja woduka chala, amene anaipinda kanayi n'kuiika m'chipewa. Ndikudziwa mmene mapepala amathera m'manja mwa anthu. Ina idzayatsira mbaula.

Yachinayi ndinamupatsa mwana wanga atabwera komaliza. Anaiwerenga ataimirira pakhonde, pamene panali makina a amayi ake.

"Ababa, mukufuna mudzawavutitse anthu ngakhale mutagona?"

"Ndikufuna udzandione."

"Ndikukuonani panopa."

Anakhala nane masabata ake onse, osapita kunyanja kapena kwa anzake. Ankandimeta, ankandidula zikhadabo, ndipo nthawi zina ndinkamupeza akungondiyang'ana ndikuwerenga nyuzipepala. Tsiku lonyamuka, sutikesi ili kale m'galimoto, anabwerera m'nyumba n'kundifunsa ngati envelopu ija ikadalipo. Ndinati ine sinditaya pepala. Ndinatsegula chitini n'kumupatsa. Sanaitsegule. Anaiika m'chikwama cha m'manja, pamodzi ndi pasipoti, ndipo tinanyamuka kupita ku Chileka.